Mabushi Ofiira

Inali folo koloko madzulo, Loweruka, ndipo kamvula kozizira ka m'Malichi kanali kakuwaza chiyambire m'mawa. Sinowo wotsalira m'mbali mwa msewu anali atada ngati phulusa. Akuzike anali chigonere pa katoni pansi pa pikapu ya bambo ake, tochi ili kukamwa, madzi akumudonthera pachipumi.

Anapisa dzanja pomwe bodi ya galimoto imakhalira pa chasisi, zitsulo zikuluzikulu zapansi zija. Pamenepo pamayenera kukhala bushi, chidutswa cha labala chozungulira ngati donasi, chimene chimaletsa chitsulo kugundana ndi chitsulo chinzake. Koma zimene anatulutsa zinali zinyenyeswa zakuda zomwe zinafumbutuka m'manja mwake ngati makala onyowa.

"Wapeza chiyani kumeneko?" anafunsa bambo ake, a Lameck Namakhwa. Anali ataima pakhomo la galaja atatsamira ndodo, jekete likulendewera m'mapewa mwawo ngati lobwereka.

Akuzike anatuluka chokwawa, nalavulira tochi m'dzanja. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wobadwira momwemo mu South Bend. Chichewa ankachimva, ngakhale kuti poyankha lilime lake linkathawira ku Chingerezi. Kusukulu ankaphunzira zokonza magalimoto, ndipo m'kalasi monsemo mtsikana anali yekha.

"Mabushi afa, Dadi. Onse sikisi. Mchere umene amathira mumsewuwu kuti sinowo asungunuke wawadya. N'chifukwa chake chitseko chanu chimakana kutseka. Bodi yapendekeka."

"Nanga ku Indianapolis ikafika?"

"Mmene ililimu, ayi. Koma tili ndi sabata yathunthu. Ndiikonza."

Ulendowo unali wa Lolemba la sabata inayo. Kuyambira m'Novembala a Namakhwa anali atasiya ntchito yawo kunyumba yosamalira okalamba chifukwa cha msana. Akuzike anauzidwa kuti anadzipweteka ponyamula wodwala, ndipo iye sanafunse zambiri. Tsopano madokotala anali atawatumiza kuchipatala chachikulu cha ku Indianapolis kuti akalandire chithandizo kwa masabata angapo. Anakonza zoti m'kati mwa sabata azigona kwa mlongo wawo, a Magdalene, ku Lawrence, kufupi ndi chipatalacho, kenako Lachisanu lililonse azibwerera kwawo. M'kagalimoto ka akazi awo, a Ida, sakanatha kukwera. Mpando wake unali pansi kwambiri, ndipo akakhala, kudzuka kunali nkhondo. Yotsala inali pikapu yakaleyi ya mpando wam'mwamba. Woyendetsa anali Akuzike, pakuti mayi ake ankati masiku awo atchuthi akuwasungira m'tsogolo.

Atasamba m'manja, Akuzike anawapeza bambo ake kukhitchini atakhala pampando woyalapo mapilo awiri. Mayi ake ankatsuka mbale. Iye anaika foni patebulo n'kuonetsa zithunzi ziwiri.

"Akudawa ndi a labala, ngati amene analimo. Ofiirawa ndi a poliyurethini. Kusukulu timangoti poli."

A Namakhwa anavala magalasi. "Pulasitiki?"

"Si pulasitiki wamba, Dadi. Saopa mchere, saopa oilo, saphwanyika. Galimoto imaima nji, ngakhale pokhota sipendama."

"Ndiye kuti ndi ouma."

"Ndi olimba."

"Kuuma ndi kulimba n'zosiyana, mayi." Ankamutchula choncho akafuna kumunyengerera. "Ine ndisanabwere kuno ndinayendetsa lole zaka zisanu ndi chimodzi m'misewu ya fumbi ya ku Ntchisi. Labala amakhululuka. Msewu ukamumenya iye amangomeza, nkhaniyo saifikitsa kwa wokwera."

"Koma amatha msanga!"

"Msanga wake ndi liti?"

"Zaka teni, mwina thwelofu. Poli amafika twente. Tikaika awa, basi, mwaiwala. Mudzandiperekeza nayo ku koleji, kenako mudzanyamuliramo zidzukulu."

Madzi a pampopi analeka kutuluka. A Ida anaima chilili, mbale ili m'manja, osacheuka. A Namakhwa anavula magalasi nayamba kuwapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya malaya.

"Zaka twente," anatero. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo kwa kanthawi. "Ndamva."

Akuzike anadina pafoni pomwepo. "Ndaoda. Afika Lachiwiri."

"Aku," anatero mayi ake, "bambo ako anena kuti chiyani?"

"Anena kuti amva, Mami."

A Ida anatsegula pakamwa, koma amuna awo anakweza dzanja pang'ono pamwamba pa tebulo, ndipo mayiwo anatembenukiranso kumbale zawo. Akuzike anaziona zimenezo, koma maganizo ake anali kale pa mabawuti adzimbiri amene ankamudikira.

Lachitatu anapita nayo pikapu kugalaja ya kusukulu. Aphunzitsi ake, a Lucious, bambo wamtali wa ndevu za imvi, anatola bushi limodzi lofiira m'bokosi nalifinya ndi chala chachikulu. Chala sichinalowe n'komwe.

"Ndi abwino," anatero m'Chingerezi, "ngati galimotoyi izinyamula njerwa. Izinyamula chiyani?"

"Bambo anga."

"Amenewa ukaponda kamwala umakamva m'mano. Iwo akudziwa zimenezo?"

"Takambirana. Avomera."

A Lucious anabwezera bushi lija m'bokosi.

Ntchito inatenga masiku atatu. Mabawuti awiri anakana kumasuka mpaka anawaotcha ndi moto. Sipanala inaterereka kangapo ndipo khungu la pa zala zake linasupuka. Anapaka girizi bushi lililonse kuti lisamachite phokoso, anatsitsa bodi pang'onopang'ono, namanga zonse monga buku linanenera. Lachisanu madzulo, pobwerera kunyumba, anamva chiwongolero chikunjenjemera m'manja, ndipo masipanala a m'bokosi la kuseri kwa mpando analira njira yonse. Iye anati mumtima imeneyo ndiyo mphamvu. Galimoto inkakhota ngati yatsopano.

Bambo ake anatuluka ndi ndodo yawo. Anatsegula chitseko, nachikankha ndi chala chimodzi. Chinatseka kuti khu, kamodzi kokha.

"Chatseka," anatero. "Manja uli nawo, mwana wanga."

Koma sanakwere.

Lolemba ananyamuka seveni koloko m'mawa. Mvula inali italeka koma kumwamba kunali kotuwabe. A Ida anaika pilo kumsana kwa amuna awo, anawamanga lamba, kenako anakaima pakhonde atavala kale yunifolomu ya kuntchito. Sanabayibitse. Anangogwira kukamwa ndi dzanja.

Dzenje loyamba linali mumsewu wawo womwewo, pomwe chisanu chinang'amba tala. Akuzike analizemba ndi tayala lakutsogolo koma lakumbuyo linagweramo. Kugundako kunakwera molunjika kuchokera pansi mpaka mumpando, ngati wina wamenya ndi hamala. Bambo ake anakoka mpweya mano ali okukuta.

"Pepani, Dadi."

"Yendetsa."

Atalowa mumsewu waukulu wa 31 wopita kummwera, Akuzike anaganiza kuti tsopano zikhala bwino. Koma msewuwo unali ndi mizere yolumikizira, unalinso ndi zigamba za tala zomata mofulumira, ndipo chilichonse chinkafika m'galimoto chathunthu, osachepako. Du-du. Du-du. Du-du. Kumanja ndi kumanzere kunali minda ya chimanga yokololedwa kale, yodzaza matope ndi zithaphwi, yosalala mpaka kumene maso amalekezera. Poyamba a Namakhwa ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Asanafike ku Plymouth nyimbo ija inatha.

"Dadi, muli bwino?"

"Yang'ana kutsogolo."

Atadutsa Rochester, Akuzike anawayang'ana mwakabisira. Anali atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, akudzikokera m'mwamba kuti thupi lisakhale lonse pampando. Akuzike anali asanaonepo kuti mikono yawo yaonda choncho. Thukuta linkatsikira m'khosi mwawo ngakhale kuti kunja kunkazizira. Iye anachepetsa liwiro. Malole akuluakulu anayamba kumupitirira akuliza mahutala, mphepo yawo ikugwedeza pikapu. Akathamanga, kugunda kunkakula. Akachepetsa, ulendo unkatalika. Liwiro labwino panalibe.

Ku Kokomo anapatukira pamalo omwetsera mafuta. Anazungulira n'kutsegula chitseko cha bambo ake.

"Tsikani pang'ono muwongole miyendo."

A Namakhwa anayesa kusuntha mwendo, koma anaubwezera pomwepo. Milomo yawo inali itatuwa. Analoza thumba la pulasitiki limene linali pansi. Akuzike atawapatsa, anasanziramo tiyi yense wam'mawa. Atatha anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Pepa, mayi. Ndakuonetsa zonyansa."

"Tibwerere kunyumba?"

"Kumene tachoka n'kutali kuposa kumene tikupita."

Akuzike anavula jekete lake, analipinda, nayesa kulilowetsa pansi pawo kuti pakhale pofewa. Atangowasuntha pang'ono anabuula, ndipo bambo wina amene ankamwetsa mafuta pafupi anacheuka. Iye analeka. Anaimbira mayi ake koma foni inangolira, pakuti kuntchito kwawo mafoni ankasiyidwa m'makabati. Kenako anaimbira azakhali ake, a Magdalene.

"Anti, Dadi akulephera kutsika m'galimoto."

"Muli pati?"

"Ku Kokomo."

"Usapite kunyumba kwanga. Lunjika kuchipatala. Ndikutumizira pafoni khomo loti ufikire, undipeza pomwepo. Ndipo usalire uli pachiwongolero, misozi imabisa msewu."

Ola lotsalalo bambo ake anayesetsa kupirira. Koma pa mlatho uliwonse, pomwe tala amakumana ndi simenti, pakhosi pawo pankatuluka kamawu kakang'ono ngati ka mwana. Akuzike anayamba kuiona milatho ikadali patali, n'kumachepetsa liwiro asanaifike. Magalimoto anachuluka, nyumba zazitali zinayamba kuoneka, maloboti anayamba kuwaimitsa. Poima paliponse ndi ponyamuka paliponse bodi inkagunda.

A Magdalene, mayi wamfupi wojintcha amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, anali pakhomo pamodzi ndi amuna awiri a pachipatala ndi njinga ya odwala.

"Achimwene, gwirani khosi langa. Musachite manyazi, ndanyamula akuluakulu kuposa inu."

Anawatsitsa anthu atatu. A Namakhwa anali atatsinzina.

"Iwe, lowa nawo," anatero a Magdalene. "Makiyi ndipatse ndikaimike chigalimoto chakochi."

Akuzike anatsatira njinga ija. Pamwamba pa chitseko chagalasi panali zilembo zikuluzikulu zasiliva. Chingerezi ndicho chinali chilankhulo chake, sanafunikire womasulira. Linali khomo la odwala khansa. Anaima kaye, akuganiza kuti azakhali ake asokoneza makomo. Koma mayi wa patebulo lolandirira odwala anatchula dzina la bambo ake molondola asanauzidwe, ndipo anamwino anawalowetsa m'kati ngati munthu amene ankamuyembekezera. Iye anauzidwa kuti adikire panja.

Anakhala pampando wa pakona. Pafupi naye panali agogo ena achizungu ovala chipewa choluka, opanda nsidze, akuwerenga magazini. Posakhalitsa a Magdalene anatulukira akupukusa mutu.

"Mwana iwe, galimoto ija waichita chiyani? Kungochoka apa kukafika poimika, mano anga atsala pang'ono kuguluka. Ngolo ya abulu ili bwino."

"Ndinaika mabushi atsopano. A poli. Olimba." Mawu ankangotuluka okha. "Dadi anavomera."

"Anavomera? Achimwene anga, ndi msana umenewuja? Anati chiyani?"

"Ndinawafotokozera zonse. Iwo anati, 'Ndamva.'"

A Magdalene anaomba m'manja kamodzi, naseka kuseka kopanda chimwemwe. "Mayo ine. Ana a kuno!" Anakhala pampando woyandikana naye, chikwama chili pamiyendo. "Aku, munthu wamkulu akati 'ndamva', wanena za khutu lake basi. Mawu ako alowa, ndi zokhazo. Akanagwirizana nazo akanati 'chita', kapena 'oda'. Malemu agogo ako aamuna akati 'ndamva', ife tinkadziwa kuti tibwerere tikaganizenso, mawa tibwere ndi nzeru zina. Kumeneko n'kukana kosachititsa munthu manyazi."

"Nanga bwanji osangonena kuti ayi? Ine ndikanadziwa bwanji?"

"Amayi ako analipo?"

"Analipo. Anafuna kulankhula, Dadi anawaletsa."

"Ndiye iweyo unanena chiyani kuti mpaka awaletse?"

"Ndinati labala amatha msanga, poli amakhala zaka twente. Ndinati adzanyamuliramo zidzukulu."

A Magdalene anayang'ana nsapato zawo, kenako anatsegula chikwama n'kuchitsekanso osatulutsamo kanthu.

"Ndiye akanakana bwanji?" anatero motsitsa mawu. "Akanati, 'Ayi mwana wanga, ine za zaka twente sizikundikhudza'?"

Akuzike anayang'ana agogo a chipewa choluka aja, kenako anayang'ana azakhali ake.

"Anti, ndiuzeni."

"Si ine woyenera kunena, koma ndinena. Sanavulale ponyamula munthu. Ndi khansa, ndipo yafika m'mafupa a msana. Chithandizo chimene abwererachi si chochiritsa, n'chongochepetsa ululu. Madokotala sakunena za zaka. Akunena za miyezi."

"Munadziwa liti?"

"Novembala."

"Nonse?"

"Tonse. Kwathu mwana sauzidwa zoterezi, amati umusokoneza mutu sukulu ili m'kati. Ine ndinawauza amayi ako kuti, mlamu, mwana wa kuno muuzeni, amawerenga zikwangwani. Sanandimvere. Bambo akonso ndiye anakanitsitsa."

Akuzike sanalire. Anayang'ana manja ake, nkhanambo za pa zala, girizi wakuda amene anakanirira m'zikhadabo. Masiku atatu anagwira ntchito mosamala, akuyeza bawuti iliyonse, kuti apange chinthu chimene chawazunza bambo ake maola atatu. Palibe pamene analakwitsa pomanga. Akanalakwitsa mwina zikanamupepukira.

Cha m'ma thu koloko masana dokotala wamkazi anatuluka. Anati palibe fupa lathyoka, koma mafupa odwala salola kugwedezeka, ndipo ululu wakwera kwambiri. Awagoneka masiku awiri kapena atatu kuti utsike, chithandizo chiyambe pambuyo pake. Anafunsa ngati ulendo unali wovuta.

"Unali wovuta," anayankha a Magdalene mwachangu, Akuzike asanatsegule pakamwa.

Akuzike anawapeza bambo ake atagona cham'mbali, diripi ili pamkono. Nkhope yawo inali itamasuka chifukwa cha jakisoni, koma maso anali ofiira. A Magdalene anati akukafuna tiyi, natuluka.

"Wadya?" anafunsa a Namakhwa.

"Ayi."

"Anti ako ali ndi mandasi m'chikwama. Sayenda opanda kanthu amene uja."

Akuzike anakoka kampando kakafupi nakhala, kuti nkhope yake isakhale pamwamba pa yawo.

"Andiuza, Dadi."

A Namakhwa anatsinzina. "Magdalene pakamwa pake palibe chitseko. Chiyambire ali mwana." Anapuma kangapo. "Tamvera. Lachisanu usavutike kubwera. Ndikatuluka muno ndikakhala kwa anti ako."

"Chifukwa cha galimoto."

"Madokotala anena kuti ndipumule, komanso iwe uli ndi sukulu, mafutanso masiku ano..."

"Dadi." Anasiya Chingerezi n'kuyamba Chichewa chake chopotoka, akutola mawu amodziamodzi. "Ndiuzeni zoona. Ine zokuluwika sindizidziwa. Mukanena mozungulira, ine ndimasochera."

A Namakhwa anatsegula maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Panja pa chitseko wina anadutsa akukankha tebulo la matayala.

"Eya," anatero. "Chifukwa cha galimoto. Mmene ililimo sindingakwerenso."

Mawuwo anamulasa, koma anali atawapempha yekha. Anagwedeza mutu.

"Ntchito unagwira bwino," anapitiriza bambo ake. "Olakwa tilipo awiri. Iwe sunafunse kachiwiri, ine sindinanene n'kamodzi komwe. Tsiku lija ndinaona mmene nkhope yako inkawalira, ndinati ndipirira, ndi maola atatu okha. Ndinadziyesa mwamuna."

"Mukufuna ndichite chiyani? Nenani."

"Chotsa ofiirawo. Ika labala." Ananyambita milomo youma. "Sindikufuna kuthera m'chipinda cha alendo cha Magdalene, pakati pa masutikesi ake. Ndikufuna udzanditenge ndikafike kunyumba kwanga."

"Ndidzabwera."

"Ndipo ukafika, amayi ako usakawakalipire. Anafuna kukuuza. Woletsa ndinali ine."

Akuzike anagwira dzanja lawo lopanda diripi. Linali lopepuka. Anakhala choncho mpaka mankhwala anawagoneka.

Mabushi a labala anawaoda tsiku lomwelo, ali pakhonde la chipatala. Anagona kwa azakhali ake ku Lawrence, ndipo m'mawa mwake anabwerera yekha ku South Bend. Pilo uja anali akadali pampando wa bambo ake. Sanayatse wailesi. Mzere uliwonse wa mumsewu, chigamba chilichonse, mlatho uliwonse, zonse zinkamufika mumsana, ndipo msana wake unali wabwinobwino.

Mayi ake anali pakhonde. Anamuyang'ana nkhope. Anamukumbatira, yunifolomu yawo ikununkhira sopo wa kuntchito.

"Tinalakwa kukubisira," anatero a Ida.

"Mami, adzabwera liti?"

"Ndalankhula ndi dokotala. Akuti mwina Lachisanu la sabata yamawa, ululu ukatsika, miyendo ikapanda kufooka. Akuti mwina." Anapukuta m'maso ndi chigongono. "Ine ndatenga tchuthi. Ndipita mawa."

Bokosi linafika Lachinayi. Masana ake Akuzike analowetsa pikapu m'galaja ya kusukulu, naiimika pa makina okwezera magalimoto. M'galajamo munali phokoso la masiku onse, zitsulo zikulira, wailesi ikuimba pakona. A Lucious anabwera akupukuta manja ndi sanza. Anasuzumira m'bokosi, naona mabushi akuda.

"Namakhwa, si sabata yathayi tinamanga atsopano?"

"Eya."

"Avuta?"

"Alibe vuto. Ndikufuna ifewe."

Aphunzitsiwo anamuyang'ana m'maso, kenako anayang'ana pilo amene anali pampando. Anadina batani ndipo pikapu inayamba kukwera pang'onopang'ono, matope ouma a mumsewu wa 31 akuyoyokera pansi.

Akuzike anamanga tsitsi lake kumbuyo, anavala magalasi otchingira maso, natenga sipanala yaikulu pakhoma. Analowa pansi pa galimoto n'kuyamba kumasula mabawuti a kumbali imene bambo ake amakhala.